Tsamba la pa intaneti likufika lophwasuka mukalitumiza pa imelo? Yang'anani izi kaye

Vuto ili silisankha, kaya ndi ku ofesi ya mpingo ku Katoto akufuna atumize pulogalamu ya msonkhano, kaya ndi mwana wa ku Mzuni amene akuthandiza kabungwe kake kutumiza nkhani za pamwezi, kaya ndi a loji ku Nkhata Bay akutumiza mitengo ya zipinda kwa makasitomala. Tsamba pa browser likuoneka bwinobwino, zithunzi zili m'malo mwake, mitu yake yamitundumitundu, nde munthu amati ndingolitumiza pa imelo momwe lililimu kuti wolandira akangotsegula alione pompo osachita kudina linki. Pakapita kanthawi foni ija yalira, "achimwene zomwe mwatumizazi sizikuoneka bwino", wina akuti zithunzi kulibe, wina akuti mawu aunjikana mbali imodzi, wina akuti akuona zilembo zosadziwika bwino, pamene kwa inu mu Sent zonse zili mushe.

Musayambe ndi kutumizanso kachiwiri kachitatu, zifika chimodzimodzi ndipo anthu ayamba kukuonani ngati wa spam. Mvetsani kaye chomwe chikuchitika.

Tsamba lomwe mumaona pa Chrome kapena Firefox si fayilo imodzi ayi. Fayilo ya HTML imanyamula mawu ndi malangizo basi, zithunzi zili kwina, fayilo ya CSS yomwe imanena kuti mutu ukhale wobiriwira ndipo bokosi ili likhale kumanja ili kwina, JavaScript, khodi yomwe imachititsa zinthu kuyenda pa tsamba, ilinso kwina pena mpaka pa seva ya kampani ina. Browser ndi imene imathamanga kukatolera zonsezi, ngati mnyamata wa pa benchi ku Taifa mukamufunsa chaja chomwe alibe amati dikirani pang'ono bwana n'kuthamangira kwa mnzake, inu n'kumaona ngati katundu yense ndi wake. Pulogalamu ya imelo siithamanga choncho ndipo imakana dala, chifukwa ikanamalola chilichonse akuba a pa intaneti bwenzi akulowa m'makompyuta a anthu ndi imelo imodzi. Nde JavaScript imachotsedwa yonse, Gmail siikatenga fayilo ya CSS yomwe ili panja, mafomu ndi mavidiyo nthawi zambiri sagwira, zotsalazo ndi zomwe wolandira wanu akuonazo.

Kodi zikufunikadi kuti likhale mkati mwa imelo?

Dzifunseni funso ili moona mtima chifukwa anthu ambiri amataya tsiku lonse pa chinthu chomwe PDF ikanathetsa tiyi asanazizire. Ngati cholinga ndi choti abwana aone tsambalo momwe lilili lero, kaya ndi chilengezo cha ntchito, kaya ndi risiti ya malipiro, dinani Ctrl+P, pa Destination sankhani Save as PDF, ndipo pa Chrome mutsegule More settings muchonge Background graphics apo ayi mitundu yakumbuyo isowa. Pa foni ya Android ndi timadontho titatu tija, Share, Print, kenako Save as PDF. Iphatikizeni ku imelo, muike ndi linki ya tsambalo pansi pake, zatha. PDF imaoneka chimodzimodzi kulikonse ndipo munthu atha kukaisindikiza pa shopu ya fotokope popanda kulimbana nayo.

Komanso ngati ndi nkhani ya m'nyuzipepala kapena ya munthu wina, ulemu wake ndi kutumiza linki ndi mizere iwiri yofotokoza, osati kukokolola nkhani yonse ya eni ake.

Koma pali nthawi yomwe PDF siikwanira, monga kalata ya nkhani za bungwe kapena chiitano, pomwe mukudziwa kuti anthu sakadawuniloda chilichonse, akangoona kuti pali fayilo amati ndiona mawa ndipo mawa lake silifika. Apo nde tiyeni tione vuto lililonse malinga ndi zomwe wolandira akukuuzani.

Akuti akuona khodi yokhayokha

Ma div, ma span, ma href ali mbwee m'malo mwa tsamba. Kawirikawiri apa munthu anatsegula fayilo ya HTML mu Notepad kapena anadina View page source, n'kukopera khodiyo n'kuipesita mu Gmail. Gmail ilibe malo olandirira khodi, chilichonse mwalemba mu bokosi la Compose imachitenga ngati mawu wamba. Chofunika kukopera ndi tsamba looneka lija osati khodi yake: tsegulani fayiloyo pa browser, Ctrl+A, Ctrl+C, pitani mu Compose, Ctrl+V. Samalani musadine Ctrl+Shift+V chifukwa imeneyo imavula zokongoletsa zonse n'kusiya mawu okha. Mukaona kuti mwapesita bwino koma zonse zabwera zosalala popanda mitundu, dinani timadontho titatu pansi pa bokosi la Compose muone ngati Plain text mode ili yochonga, muichotse kenako mupesitenso.

Ngati mukufuna kuika khodi yeniyeni, pulogalamu ya imelo ya Thunderbird ndi yaulere ndipo ili ndi njira yake yoongoka, mukatsegula uthenga watsopano pitani pa Insert kenako HTML, pesitani khodi mmenemo. Pa Outlook yakale ya pa kompyuta pali Insert as Text yomwe imabisala pa kamuvi ka pambali pa batani la Insert mukamasankha fayilo, ikapanda kuoneka muonjezere Attach File pa Quick Access Toolbar, mukadzera pamenepo imatulukira. A Mac, ngakhale kuno si ambiri, Safari ili ndi Command+I yomwe imatsegula Mail n'kukufunsani ngati mutumize ngati Web Page, Reader, PDF kapena linki yokha. Akuluakulu ena m'maofesimu amafunsabe za Send Page by E-mail, imeneyo inali ya Internet Explorer ndipo Microsoft inasiya kuithandiza pa 15 June 2022, musavutike kuisaka pa Chrome.

Kwa anyamata ndi atsikana a ICT amene imelo ikuchokera pa sisitimu yomwe mwalemba nokha, vuto lili pa header, mizere yobisika ya pamwamba pa imelo. Mukapanda kunena kuti Content-Type ndi text/html, uthengawo umapita ngati text/plain ndipo khodi yonse imaonekera poyera. Pa PHP wamba muike MIME-Version: 1.0 ndi Content-Type: text/html; charset=UTF-8, pa PHPMailer isHTML ikhale true ndipo mulembenso AltBody kuti uthenga upite ndi mbali ziwiri, ya HTML ndi ya mawu okha. Kuti muone chomwe chinapitadi, tsegulani imeloyo mu Gmail, timadontho titatu, Show original, zonse zili pamenepo palibe chobisika.

Zithunzi sizikuoneka

Apa nde pamene pamagona nkhani, ndipo pali msampha woti kwa inu wotumiza zithunzi zimaoneka ndithu, nde mumayamba kukangana ndi wolandira kuti vuto ndi foni yake kapena netiweki ya kwawo ku Rumphi. Pena ndi zoona ndi netiweki, koma kawirikawiri si iyo.

Yambani ndi kuona komwe chithunzicho chikukhala. Dinani kumanja pa chithunzi mu browser, Copy image address, mupesite mu Notepad muwerenge. Ikayamba ndi file:/// kapena mukaona C: ndi Users ndi Desktop mkatimo, chithunzicho chili pa kompyuta yanu yokha, inu mukuchiona chifukwa hard disk ndi yanu, mnzanu wa ku Karonga alibe njira yofikira pa Desktop yanu. Chimodzimodzi mu khodi mukapeza src="zithunzi/nyanja.jpg" popanda dzina la webusayiti kutsogolo, pa webusayiti zimagwira chifukwa browser ikudziwa kuti foda ya zithunzi ili pafupi, koma mu imelo "pafupi" palibe. Adiresi iliyonse ya chithunzi iyambe ndi https:// kenako dzina la webusayiti yanu kenako njira yonse mpaka pa .jpg, ndipo malinki nawonso chimodzimodzi. Ngati mulibe webusayiti yoikapo zithunzi musadandaule, pesitani mawu okha kaye kenako chithunzi chilichonse muchiike ndi batani la Insert photo la Gmail n'kusankha Inline, pamenepo chithunzicho chimapita limodzi ndi imeloyo.

Linki ya Share ya Google Drive si adiresi ya chithunzi, ndi adiresi ya tsamba lomwe likuonetsa chithunzicho, mukaiika pa src mupeza kabokosi kosweka.

Chachiwiri, mawebusayiti ambiri masiku ano sabweretsa zithunzi zonse nthawi imodzi, amadikira mutsike kaye nde chithunzi chibwere, n'cholinga chopulumutsa data. Inu mukangotsegula tsamba n'kudina Ctrl+A pompo, zithunzi za pansi zimakhala zisanabwere, chomwe mwakopera ndi kabokosi kopanda kanthu. Tsikani pang'onopang'ono mpaka pansi penipeni, dikirani chilichonse chioneke, makamaka madzulo netiweki ikamakoka miyendo, kenako nde mukopere.

Chachitatu ndi masamba omwe mumalowa ndi pasiwedi, portal ya ophunzira, sisitimu ya ku ntchito, akaunti ya ku banki. Zithunzi za mmenemo seva imapereka kwa munthu amene walowa yekha, wolandira wanu sanalowe nde seva ikumukaniza. Apa palibe matsenga, PDF kapena sikirinishoti basi, ndipo muyang'anitsitse kaye kuti simukutumiza ndi zinthu zoti ena asaone, nambala ya akaunti, balansi, maina a anthu. Palinso mawebusayiti ena omwe amatseka dala kuti zithunzi zawo zisaoneke kwina kulikonse kupatula pa tsamba lawo, zimenezonso sizingatheke kuzikakamiza.

Mtundu wa chithunzi nawo umavuta. SVG Gmail siionetsa, ndipo ma logo ambiri pa mawebusayiti ndi SVG, nde mupeza zithunzi zina zonse zafika logo yokha yasowa. WebP Outlook yakale ya pa Windows siidziwa. Khalani pa JPG kwa zithunzi zojambula ndi PNG kwa logo. Ena ochenjera amati ndingosandutsa chithunzi kukhala base64, kutanthauza mndandanda wautali wa zilembo, ndichilowetse mu khodi momwemo, pa browser zimagwiradi koma Gmail siionetsa zithunzi zotere ndipo khodi imatupa koopsa, tiona pansipa chifukwa chake kutupako kuli vuto.

Zonsezi zikakhala bwino koma munthu mmodzi yekha akudandaulabe, nde vuto lili kwa iye. Outlook imatseka zithunzi zakunja mpaka munthu adine pomwe palembedwa kuti download pictures, Gmail nayo ili ndi Ask before displaying external images mu Settings yomwe ena anaiyatsa kuti bandulo ichedwe kutha, komanso imelo ikagwera mu Spam zithunzi sizitseguka. Simungalowe mu foni ya munthu kukasintha zimenezi, chomwe mungachite ndi kulemba alt pa chithunzi chilichonse kuti chikapanda kubwera paoneke mawu ofotokoza, ndipo chonde tsiku, malo ndi nthawi ya msonkhano zilembedwe ngati mawu enieni. Anthu amakonda kupanga positala yokongola pa Canva n'kuitumiza yokhayokha, chithunzi chikakana kutseguka wolandira amangoona imelo yoyera mbee, sakudziwa kuti ukwati uli liti.

Kukula kwake kumbukiraninso. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kukhala ma MB angapo, muike zisanu mwamudyera bandulo munthu wosalakwa. Chichepetseni mu Paint pa Resize, mulifupi mwake ma pixel 600 mpaka 1200 akwana.

Zafika koma zabalalika

Menyu ya pamwamba yasanduka mndandanda wautali wa malinki a buluu, mabokosi omwe anali moyandikana atsikirana pansi, zilembo zina zazikulu zina zazing'ono. Imeneyi ndi CSS yomwe yatsala m'njira. Ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi khalidwe lake, Gmail inayamba kulola style ya mu head mu 2016 koma imasankhabe zomwe ikufuna, pamene Outlook yakale ya pa Windows kuyambira 2007 imagwiritsa injini ya Microsoft Word poonetsa maimelo, nde ganizirani tsamba lamakono la flexbox ndi grid likutsegulidwa mu Word. Zithunzi zakumbuyo sizioneka, makona ozungulira amakhala akuthwa, ndipo maofesi ambiri a boma ndi mabungwe ndi Outlook yomweyo.

Ngati mukungofuna nkhani ya pa tsambalo ifike yowerengeka, musakopere tsamba lonse ndi menyu ndi zotsatsa zake. Pa Firefox kapena Edge dinani F9 kuti tsamba lilowe mu maonekedwe owerengera, limatsala mutu, mawu ndi zithunzi za nkhaniyo, kopani zimenezo. Si tsamba lililonse limalola, likakana ingosankhani ndi mausi gawo lomwe mukufunalo.

Koma ngati ndi kalata yanu yomwe muzitumiza mwezi ndi mwezi, langizo langa ndi loti musiye kulimbana ndi tsamba la pa webusayiti, pangani ina ya imelo payokha, yosavuta. Zimamveka zachikale koma imelo imamangidwa ndi matebulo mpaka lero, tebulo limodzi la mulifupi ma pixel 600 loikidwa pakati, mzere umodzi wotsika pansi, logo pamwamba, mutu, mawu, chithunzi, mawu, linki. Zokongoletsa zilembedwe pa chinthu chilichonse pachokha, mwachitsanzo style="font-family:Arial; font-size:16px; color:#222222" pa ndime iliyonse, zimatopetsa koma ndi zomwe zimafika. Pali ma CSS inliner aulere pa intaneti omwe amakuchitirani ntchito imeneyi, mumapesita khodi iwo n'kumwaza CSS pa chinthu chilichonse. Font yokongola ya pa webusayiti yanu iiwaleni, Gmail iisintha, sankhani Arial, Verdana kapena Georgia. Mizere iwiri kapena itatu yoyandikana imaoneka bwino pa laputopu koma anthu anu ambiri atsegula pa foni ali mu minibasi ya ku Ekwendeni, pa kasikirini kakang'ono mizere itatu ija imapanikizana mpaka munthu kumachita kukoka ndi zala.

China chomwe ambiri sachiganizira ndi dark mode. Logo ya zilembo zakuda pa PNG yoonekera kumbuyo imazimiririka foni ikakhala yakuda, ipatseni kumbuyo koyera kapena mzere woyera mozungulira.

Malaŵi wasanduka MalaÅµi

Ili ndi vuto lathu kunoko kuposa anthu olemba Chingerezi chokha. Kalata ya mpingo kapena ya bungwe ikakhala mu Chitumbuka ŵ ali paliponse, ŵanthu, ŵana, ŵapapi, nde encoding, njira yomwe kompyuta imasungira zilembo, ikasokonekera ndime yonse imadzadza ndi Åµ osawerengeka. Pa Chichewa chomwe chimavutika kwambiri ndi kankhodolera kopindika komwe Word imaika yokha, ng'ombe imafika ngati ngâ€™ombe, m'mudzi ngati mâ€™mudzi. Chomwe chachitika ndi choti mawu anasungidwa mu UTF-8, momwe ŵ amatenga ma byte awiri, koma mbali inayo ikuwerenga ngati Windows-1252 momwe byte iliyonse ndi chilembo pachokha, nde chilembo chimodzi chasweka pawiri.

Konzani malo onse atatu osati amodzi. Fayilo yeniyeniyo isungidwe mu UTF-8, mu Notepad ndi Save As kenako pansi pa Encoding, ndipo makompyuta a Windows yakale amaika ANSI okha, mukasunga choncho ŵ amasanduka w wamba kapena chizindikiro cha funso ndipo sabwereranso, mulembanso pamanja. Mu head ya HTML mukhale meta charset="utf-8". Ndipo header ya imelo inene charset=UTF-8, a PHPMailer dziwani kuti payokha imayambira pa iso-8859-1 nde CharSet muisinthe nokha. Mukaona kuti mkati mwa uthenga muli bwino koma mutu wokha nde wasokonekera, ndi chifukwa Subject ili ndi encoding yakeyake yosiyana ndi ya thupi la uthenga, PHPMailer imakonza yokha koma mail ya PHP wamba siikonza.

Mukaona =3D ndi =C5=B5 ndi zizindikiro za = kumapeto kwa mizere, imeneyo ndi quoted-printable yomwe sinamasulidwe, mwina munakopera khodi kuchokera pa Show original kapena header ya Content-Transfer-Encoding yasowa. Ndipo ngati mawu akuduka pakati popanda chifukwa, pena n'kulowa chizindikiro cha ! pomwe simunaike, khodi yanu yonse ili pa mzere umodzi wautali, malamulo a imelo salola mzere kupitirira zilembo 998 nde seva ikudula yokha pomwe yafuna.

Yaduka pakati, pansi palembedwa Message clipped

Gmail imadula uthenga uliwonse womwe khodi yake yapitirira 102KB n'kuika linki ya View entire message, yomwe anthu ambiri saidina. Chomwe chikuwerengedwa ndi khodi osati zithunzi zomwe zili pa seva, nde kuchepetsa zithunzi sikuthandiza apa. Munthu amadabwa kuti kalata yanga ndi yaifupi 102KB yachokera kuti, koma mukakopera kuchokera pa browser, Chrome imamata zokongoletsa zambirimbiri pa kachidutswa kalikonse kuti maonekedwe asatayike, ndipo mukakopera kuchokera mu Word nde zimaposa apo, ndime imodzi imabwera ndi khodi yobisika yotalika kuposa mawu ake. Onjezani base64 ija, mwadutsa kale malire. Njira yake ndi kupesita mawu ndi Ctrl+Shift+V, apa nde pomwe imathandiza, kenako mitu ndi mitundu muike ndi zida za Gmail zomwe. Kapena fupikitsani, nkhani iliyonse ndime imodzi ndi linki ya "werengani zonse apa".

Winmail.dat ndi zipi yokanidwa

Wolandira akati wangolandira kafayilo kotchedwa winmail.dat komwe sikatseguka, Outlook yanu ikutumiza mu Rich Text yomwe imamvana ndi Outlook inzake yokha. File, Options, Mail, pa Compose messages in this format sankhani HTML.

Ena amadina Ctrl+S pa tsamba, n'kupeza fayilo ya .html ndi foda ya dzina lomwelo yothera ndi _files. Mukatumiza .html yokha imafika yopanda zithunzi chifukwa zonse zili mu foda ija, mukati ndipange zipi Gmail imatha kuikana ngati mu fodamo muli mafayilo a .js omwe inaletsa kuyambira 2017 ngakhale abisidwe mu zipi. Ndipo kunena zoona fayilo ya .html yophatikizidwa ku imelo ndi njira yomwe akuba mapasiwedi amakonda, ma IT ambiri amauza anthu awo kuti asamatsegule, nde ngakhale ifike mwina siitsegulidwa. Bwererani ku PDF. Malire a zophatikiza pa Gmail ndi 25MB, zikaposa imaziika pa Drive n'kutumiza linki.

Ikugwera mu Spam

Tsamba lokopedwa lonse limakhala ndi malinki ambirimbiri opita kumalo osiyanasiyana, tizithunzi tobisika towerengera anthu, ndi zotsatsa, zonsezi kwa sefa ya spam ndi fungo loipa. Chotsani zosafunika, pewani malinki ofupikitsidwa aja, mutu usakhale wa zilembo zazikulu zokhazokha ndi mifuwulo isanu, ndipo pakhale mawu okwanira osati chithunzi chimodzi chachikulu. Anthu ambiri muwaike pa Bcc osati pa To, si bwino kumwaza ma adiresi a anthu kwa aliyense, ndipo akaunti ya Gmail yaulere ili ndi malire a olandira 500 pa tsiku. Mndandanda ukakula kufika pamenepo nthawi yakwana yosamukira ku Mailchimp kapena zina zotero zotumizira maimelo kwa anthu ambiri, zomwe zili kale ndi matempuleti oyesedwa pa Gmail ndi Outlook komanso linki yoti munthu adzichotse yekha.

Ngati mukutumiza kuchokera pa adiresi ya domain yanu, kaya ndi ya .mw kaya .org, pa Show original paja pamwamba pamaoneka SPF, DKIM ndi DMARC, zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa inu, zikuyenera kunena PASS. Kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo pa zimenezi, nde zikalephera lankhulani ndi amene amakusungirani webusayiti akonze ma DNS record, si zoti mungakonze mu bokosi la Compose. Cholakwika chofala pa mawebusayiti ndi kuika adiresi ya @gmail.com pa From pamene uthenga ukuchokera pa seva ya hosting, Gmail imaona kuti si iyo yatumiza. From ikhale ya domain yanu, adiresi inayo muiike pa Reply-To.

Musanatumize kwa anthu onse

Mu Sent musamakhulupirire, imakuonetsani zomwe kompyuta yanu ikutha kufikira. Dzitumizireni ku adiresi ina, mutsegule pa foni ndi data osati pa Wi-Fi ya mu ofesi, chifukwa pena zithunzi zili pa seva ya mkati mwa ofesi yomwe kunja siioneka. Kenako pezani mnzanu mmodzi wa Outlook ndi wina wa Yahoo akutumizireni sikirinishoti pa WhatsApp, mudine linki iliyonse, muone ŵ ndi ng', muyatse dark mode muonenso logo. Mukamayesa kangapo sinthani mutu pang'ono ulendo uliwonse, chifukwa Gmail imasonkhanitsa mauthenga a mutu umodzi n'kubisa zomwe zikubwerezedwa kuseri kwa timadontho titatu, mungaganize kuti theka la kalata lasowa pamene langopindidwa.

Ntchito yokopera ndi kupesitayi ichitikire pa kompyuta. App ya Gmail ya pa foni imataya zokongoletsa zambiri mukapesita, nde ngati laputopu mulibe, bola kupita pa kafe m'tauni mukakonze kalatayo n'kuisunga ngati Draft, mutuluke mu akaunti yanu musanadzuke pampando. Ndipo yeniyeni yopita kwa anthu ikhale yatsopano kapena yochokera mu Draft, osati Forward ya yoyesera ija, Forward iliyonse imaonjezera khodi yake pamwamba, imakankhira zinthu kumbali, ndipo anthu amalandira ndi Fwd pa mutu ndi adiresi yanu yoyesera ili poyera.